Pampu ya pamgolo: safunsa anadya phula

ULÓNGUÈ — Tsiku la dibi limayamba kusanache. M'midzi ya m'munsi mwa phiri la Dómuè anyamata amatsegula makola nkhungu isanachoke, ng'ombe n'kuyamba ulendo pamzere wautali. Zikamafika padibi, abambo a komiti amakhala atazungulira kale mgolo wa mankhwala. Ntchito yoyamba ya tsikulo, imene ambiri amaiona ngati yaing'ono, ndiyo kutulutsa mankhwalawo mumgolo kuti alowe m'chigubu choyezera.

Njira zozolowereka zilipo ziwiri. Ina ndi yopendeketsa mgolo, anthu atatu kapena anayi atagwiriziza, wina atatchera ndowa. Mgolo wodzaza wa malita 200 umalemera makilogalamu 200 kapena kuposerapo, ndipo ukangoterereka pang'ono, mankhwala amakhavukira m'miyendo ndi m'maso mwa wotchera ndowayo. Njira ina ndi yolowetsa paipi mumgolo, munthu n'kuyamwa ndi pakamwa monga achitira madalaivala ena potunga dizilo. Dizilo amalavulika, ngakhale nayenso ndi woopsa akalowa m'mapapo. Mankhwala a nkhupakupa, asidi ndi klorini sapereka mpata wolavula.

Chida chothetsa mavuto awiriwa ndi pampu yamanja, imene m'masitolo a ku Tete amaitcha bomba manual. Koma makomiti ndi eni magolosale amene anaigulapo amadziwa kuti pampu ina imatha zaka, pamene ina imayamba kudontha mwezi usanathe. Kusiyana kwake sikuli pa mtengo wokha, kapena pa kulemera kwa chidacho. Kuli pa funso limodzi limene wogula ayenera kuyankha asanatulutse ndalama: kodi mumgolomo muli chiyani?

Migolo yachuluka m'boma lino

Angónia ndi dziko la ng'ombe, chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere ndi fodya. Pambuyo pa ufulu wa 1975, mankhwala ambiri a ulimi ankasungidwa ndi minda ya boma ya CAIA ndi ofesi ya ziweto, ndipo ankawagwira ndi anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. Nkhondo inamwaza zonsezi. Anthu ambiri a boma lino anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ng'ombe zinatha, madibi anaphwasuka. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kumabwinja awo n'kuyambiranso ndi manja awo.

Kuchokera nthawi imeneyo, mankhwala afika m'manja mwa anthu wamba. Makalabu a alimi ndi makomiti a ziweto amagula okha. Alimi a fodya amene amalima pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco amalandira zipangizo zawo. Mbozi yowononga chimanga imene inalowa m'dziko muno mu 2017 inachititsa kuti mabanja ambiri ayambe kupopera minda. Kolera imene inayamba ku Malawi mu 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 kumeneko, inafikanso ku Niassa ndi ku Tete, ndipo klorini inakhala chinthu cha tsiku ndi tsiku pazitsime, m'misika ndi m'zipatala. Mabatire a galimoto ndi a magetsi a dzuwa amafuna asidi, ndipo magulu a amayi opanga sopo amasungunula soda.

Zonsezi ndi zamadzimadzi zosungidwa m'migolo ndi m'zigubu za malita 20 kapena 25. Zonse zimafuna kutungidwa. Koma si zonse zimene zingadutse m'pampu imodzimodzi.

Mitundu itatu ya pampu

Pampu yoyamba ndi yotchipa kuposa zonse. Ili ndi kamutu kofewa kofinya ndi dzanja ndi mapaipi awiri a pulasitiki. Ikangoyamba kukoka, madzi amayenda okha malinga ngati chigubu cholandira chili pansi kuposa mgolo. Ndi yabwino pa zigubu zing'onozing'ono, koma ndi yopyapyala, imang'ambika msanga, ndipo wosaidziwa amavutika kuimitsa madzi chigubu chikadzaza.

Yachiwiri ndi ya chogwirira chokweza ndi kutsitsa, monga mjigo. Nthawi iliyonse munthu akatsitsa dzanja, pamatuluka madzi okwana ngati kapu imodzi kapena ziwiri. Dzanja likaima, madzi amaimanso. Pa mankhwala oopsa amene amafunika pang'onopang'ono, mtundu umenewu ndiwo umamvera mwini wake.

Yachitatu ndi yopukusa, ya chogwirira chozungulira ngati chigayo chamanja. Imatunga msanga, ndipo ambiri amaidziwa chifukwa cha ogulitsa dizilo ndi palafini. Ambiri mwa mapampu opukusa a m'masitolo ndi achitsulo chakuda cholemera, chopakidwa penti yofiira kapena yobiriwira. Munthu akainyamula amamva kuti wagwira chinthu cholimba. Apa m'pamene ambiri amanyengedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pampu yotereyi inapangidwira mafuta. Ikalowa mu asidi kapena m'klorini, dzimbiri limaidya kuyambira m'kati, mmene diso silifika, mpaka chogwirira chimauma kapena madzi amayamba kutulukira m'mbali.

Mankhwala aliwonse ali ndi mdani wake

Mankhwala a mumgolo angagawidwe m'magulu asanu, ndipo gulu lililonse lili ndi chimene limadya ndi chimene limalephera kudya.

Gulu loyamba ndi la mafuta: dizilo, palafini ndi oyilo. Apa pampu yachitsulo chakuda kapena ya aluminiyamu imagwira bwino ntchito, chifukwa mafutawo amateteza chitsulo ku dzimbiri.

Gulu lachiwiri ndi la asidi, monga wa m'mabatire. Asidi amadya chitsulo chakuda ndi aluminiyamu. Asidi wina, wotsukira simenti ndi matailosi, amadya ngakhale chitsulo chosachita dzimbiri chija amalonda amachitcha inox. Pa asidi pamafunika pampu ya pulasitiki yolimba yotchedwa polypropylene, imene pachida amailemba ndi zilembo ziwiri, PP. Nthawi zina zilembozi zimakhala pansi pa kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi nambala 5 m'kati.

Gulu lachitatu ndi la soda wopangira sopo. Mdani wake wamkulu ndi aluminiyamu. Soda akakumana ndi aluminiyamu amamusungunula, ndipo pamatuluka mpweya umene umayaka ukakumana ndi moto. N'chifukwa chake amayi odziwa sopo sasungunulira soda m'poto wa aluminiyamu. Pampu ya PP ndiyo yoyenera pamenepa.

Gulu lachinayi ndi la klorini wamadzi, amene ambiri amamudziwa kuti javel kapena lixívia. Klorini amaboola chitsulo timabowo tating'ono ngati ta singano, ngakhale inox amene. Pampu yake ikhale ya pulasitiki yokhayokha, ya PVC, ya PP kapena ya mtundu wodula wotchedwa PVDF, umene umapirira klorini wamphamvu kwa nthawi yaitali. Wogula ayang'anitsitse m'kati, chifukwa mapampu ena ndi apulasitiki kunja, koma m'kati muli kasipulingi kapena kampira kachitsulo. Kachitsulo kamodziko kakadyeka, pampu yonse yafa.

Gulu lachisanu ndilo lovuta, ndipo ndilo lofala m'midzi: mankhwala a dibi ndi ambiri opopera mbewu, aja amasanduka oyera ngati mkaka akathiridwa m'madzi. Pachipepala chawo pamakhala zilembo EC. Mankhwala amenewa amasungunulidwa m'mafuta amphamvu onunkha ngati penti. Mafuta amenewo sadya chitsulo kwenikweni, koma amafewetsa ndi kutupitsa pulasitiki wamba ndi mphira. Choncho pampu ya PP imene imapirira asidi ingathe kugonja pa mankhwala a dibi osasungunula. Apa pamayenera pampu ya inox, makamaka ya nambala 316, kapena ya PVDF.

Amene sangathe kusunga zilembo zonsezi pamtima ayambe wayang'ana mgolo womwewo. Asidi ndi klorini amabwera m'migolo ya pulasitiki, kawirikawiri yabuluu. Mafuta amabwera m'migolo yachitsulo. Opanga mankhwalawo sanasankhe mgolo mwangozi. Ngati iwo anakana kuika mankhwala m'chitsulo, mlimi asalowetsemo pampu yachitsulo. Pachipepala chomata pamgolo, chimene pa Chipwitikizi ndi rótulo, palinso zithunzi zoti ngakhale wosadziwa kuwerenga azimve. Chithunzi cha madontho akugwera padzanja ndi pachitsulo chikutanthauza mankhwala odya khungu ndi zitsulo. Chigaza ndi mafupa ndi poizoni wakupha. Lawi la moto ndi mankhwala oyaka.

Kamphira kakang'ono ndiko kamaweruza

Pampu zambiri sizifa ndi thupi lake. Zimafa ndi timphira tozungulira ngati mphete timene timatseka mpata kuti madzi asadutse m'mbali. M'masitolo a kuno timatchedwa vedante. Kamphira kotere ndi kochepa ngati chibangili cha khanda, koma kakatupa kapena kung'aluka, pampu imasiya kukoka, kapena mankhwala amakwera ndi ndodo ya chogwirira n'kufika m'manja mwa wopopa.

Vuto n'lakuti timphira tambiri timaoneka tofanana, takuda ndi tofewa, pamene tili m'mitundu inayi yosiyana. Nitrile ndi wa mafuta, ndipo ndi amene amapezeka m'mapampu ambiri otchipa. Klorini ndi asidi wamphamvu zimamuwononga. EPDM amapirira soda ndi mankhwala osungunuka m'madzi, koma akakumana ndi dizilo kapena mafuta a m'mankhwala a EC amatupa ngati mkate wonyowa. Viton amapirira asidi, klorini, dizilo ndi mafuta a m'mankhwala a dibi, koma si woyenera pa soda wamphamvu. PTFE, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Teflon, ndi woyera ndi wolimbirako, ndipo amapirira pafupifupi mankhwala onse a m'magulu asanu aja. Mtengo wake ndi wokwera.

Pampu imene pabokosi pake kapena papepala lake sanalembe mtundu wa timphira take, wogula aione ngati pampu ya mafuta basi. Ndipo pali njira yoyesera imene komiti iliyonse ingathe. Atenge kamphira kamodzi kapadera, akaike m'kabotolo kagalasi kokhala ndi mankhwala pang'ono, atseke bwino, alembepo dzina la mankhwalawo, n'kukabisa kutali ndi ana. Pakatha sabata akatulutse ndi kamtengo n'kukafanizira ndi kanzake katsopano. Ngati katupa, kafewa, kachita nomata kapena kang'aluka, pampu imeneyo si ya mankhwala amenewo. Paipi yotulutsira iyesedwenso chimodzimodzi, chifukwa paipi yothirira dimba imauma ndi kuthyoka ikamadutsa mankhwala amphamvu.

Pakamwa pa mgolo

Ena amagula pampu yabwino, koma pofika kumudzi amapeza kuti sikukhala pamgolo. Mgolo wa malita 200 uli ndi mabowo awiri pamwamba. Lalikulu ndi la mainchesi awiri, pafupifupi masentimita asanu, ndipo ndi mmene pampu imalowa. Koma mazinga omangira chitsekerero amasiyana. A mgolo wachitsulo ndi ang'onoang'ono oyandikana, pamene a migolo yambiri ya pulasitiki ndi akuluakulu otalikirana. Pampu yopangidwira mgolo wachitsulo simangika pamgolo wa pulasitiki popanda cholumikizira chake. Anthu akaona chomwecho amakulunga nsanza kapena mphira wa tayala la njinga pakamwa pa mgolo. Pampu imagwedezeka, nsanza imanyowa ndi mankhwala, ndipo wogwira nsanzayo ndiye amavulala.

Njira yosavuta ndi kunyamula chitsekerero cha mgolo wotha, chotsukidwa bwino ndi chokulungidwa m'pepala la pulasitiki, n'kupita nacho kusitolo kukafanizira. Wogula ayezenso kutalika kwa mgolo ndi ndodo kunja kwake. Mgolo waukulu ndi wotalika pafupifupi masentimita 90, ndipo paipi yokokera iyenera kufika pansi penipeni. Ikafupika, malita angapo amatsalira, ndipo anthu amabwerera ku njira ija yopendeketsa mgolo.

Bowo laling'ono lija lili ndi ntchito yake. Limasulidwe pang'ono popopa kuti mpweya uzilowa. Likakhala lotseka, pampu imalemera ndipo mgolo wa pulasitiki umafwamphukira m'kati. Mgolo umene wakhala padzuwa utsegulidwe pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali, chifukwa mpweya wa m'kati umatuluka mwamphamvu.

Mafunso a kusitolo

Anthu a m'malire muno amagula mbali ziwiri. Ena amapita ku Ulónguè ndi ku Tete, ena amawoloka pa Calómuè kupita ku Dedza, ena amagula pamsika wa Lizulu. Mbali ino zolemba zili m'Chipwitikizi, mbali inayo m'Chingerezi, koma zilembo PP, PVC, PVDF, EPDM, PTFE ndi nambala 316 ndi zomwezo kulikonse. Wotumidwa ndi komiti akopere papepala dzina la mankhwala monga lalembedwera pamgolo, osati dzina limene anthu anawapatsa kumudzi.

Akafika afunse zinthu zisanu. Thupi la pampu ndi la chiyani? Timphira take ndi ta mtundu wanji? Kodi m'kati muli kachitsulo kalikonse kokhudzana ndi madzi? Kodi timphira tapadera timapezeka, ndipo pampuyo imamasuka kuti tisinthidwe? Kodi cholumikizira cha mgolo wa pulasitiki chilipo? Wamalonda woona mtima amatulutsa pepala la pampuyo n'kuwerenga pamodzi ndi wogula. Amene angoti pampu yake imatunga chilichonse, wogula amuthokoze n'kupita sitolo ina, chifukwa pampu yotunga chilichonse pamtengo wotsika kulibe. Safunsa anadya phula.

Pampu yomatidwa imene simasuka ndi yotaya ikangoyamba kudontha. Yomasuka, ngakhale idule poyamba, imakonzedwa ndi kamphira kamodzi. Nzeru ndi kugula timphira tapadera tsiku lomwelo, chifukwa ulendo wa ku Tete wofuna kamphira kamodzi umadya ndalama zoposa mtengo wa kamphirako. Alangizi a zaulimi ndi a ziweto a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi malonda, angathandize komiti kuwerenga zipepala isanatume munthu.

Ogula kutsidya akumbukirenso kuti mu 2014 boma la Mozambique linachotsa mankhwala a ulimi okwana 61 pamndandanda wa ololedwa chifukwa cha kuopsa kwake, ndipo paraquat, wophera udzu, anali m'gulu limenelo. Mankhwala opanda chipepala, othiridwa m'botolo la zakumwa, palibe angadziwe kuti ndi a gulu liti, ndipo palibe pampu imene ingasankhidwire chinthu chosadziwika.

Pampu imodzi, mankhwala amodzi

Pamudzi chida chabwino chimabwerekedwa. Khasu, ngolo ndi njinga zimayenda khomo ndi khomo, ndipo womana amatchedwa woipa mtima. Koma pampu ya mankhwala isamayende chomwecho. M'paipi ndi m'thupi lake mumatsalira mankhwala ngakhale ioneke youma.

Pampu imene inatunga asidi ikalowa mumgolo wa klorini, pamatuluka mpweya wa klorini umene umawotcha maso ndi mapapo, ndipo m'chipinda chotseka ungathe kupha munthu. Imene inatunga mankhwala ophera udzu ikatunga opopera mbatata, munda umapsa. Imene inatunga mankhwala a dibi ikatunga klorini wa pachitsime, poizoni walowa m'madzi akumwa a mudzi wonse. Ndipo pampu imene inakhudzapo mankhwala alionse isayandikire mafuta ophikira, madzi, thobwa kapena mowa, ngakhale itsukidwe kangati. Komiti ilembe ndi penti dzina la mankhwala papampu iliyonse, ndipo wokana kuibwereketsa asatchedwe womana.

Petulo ali ndi lamulo lakelake. Sadya chitsulo, koma nthunzi yake imayaka ndi kamoto kosaoneka n'komwe. Pulasitiki ikamakhuzana ndi petulo woyenda ingathe kuthetheka monga chimachitira chovala cha nayiloni usiku wa chilimwe, choncho pampu ya pulasitiki ya asidi si ya petulo. Chigawo cha Tete chimadziwa kuopsa kwa mafuta amenewa. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, galimoto ya thanki yonyamula petulo wopita ku Malawi inaphulika anthu akutunga mafutawo ndi zigubu. Anthu oposa 70 anamwalira, ena ambiri anapsa, ndipo dziko linakhala masiku atatu pa maliro. Potunga petulo pasakhale fodya, mbaula, nyali kapena injini yolira.

Pampu si muyezo

Padibi pali cholakwa china chofala. Anthu akazolowera pampu amayamba kuwerenga kuti akapopa kakhumi ndiye kuti malita akwana. Koma kamphira kakayamba kutha, pampu imatulutsa ochepa kuposa kale, ndipo palibe amazindikira. Mankhwala a amitraz amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nkhupakupa, aja a mphamvu ya 12.5 pa 100, kawirikawiri amasungunulidwa lita imodzi pa malita 500 a madzi, koma mawu otsiriza ndi a chipepala cha pamgolo. Akachepa, nkhupakupa sizifa, ndipo zotsalazo zimabereka zinzake zosamva mankhwala. Nkhupakupa ya m'makutu ndiyo imafalitsa chigodola, matenda amene amapha ana a ng'ombe ndi ng'ombe zobwera kuchokera kwina m'mapiri muno. Mankhwala akachuluka, ng'ombe zimaledzera ndi kufooka, ndipo ndalama zimatayika. Pampu ntchito yake ndi kutunga. Kuyeza ndi kwa chigubu cha mizere.

Kusamala chida

Pampu yabwino imafanso ikasiyidwa mumgolo sabata ndi sabata. Ntchito ikatha itulutsidwe, idonthetsere mumgolo momwemo, kenaka ipope madzi oyera kangapo. Madzi otsukira pampu ya dibi athiridwe m'dibi, a mankhwala a mbewu alowe mumpope wopopera. Asatayidwe kudambo, kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Pampu ya mafuta yokha ndiyo sifuna madzi.

Ikatsukidwa ipachikidwe choimirira pamthunzi, m'chipinda cha loko cholowa mphepo, kutali ndi nkhokwe ndi kogona anthu. Dzuwa la kumapiri kuno limaumitsa pulasitiki, ndipo PP imathyoka msanga ikagwa pansi m'mawa wozizira wa Juni ndi Julayi. Tsiku la ntchito lisanafike, wosunga pampu aiyese ndi madzi kuti aone ngati ikudontha, ndipo aiumitse isanalowe mumgolo.

Wopopa avale magolovesi a mankhwala ofika m'zigongono, nsapato za jombo, zotchinga maso ndi chovala cha manja aatali. Magolovesi ansalu kapena achikopa amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu. Aime mphepo ikuchokera kumsana kwake. Ndowa ya madzi oyera ndi sopo zikhale pafupi mgolo usanatsegulidwe, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma. Ana otsata ng'ombe aime kutali. Ndipo wosungunula asidi athire asidi m'madzi pang'onopang'ono. Madzi akathiridwa mu asidi wamphamvu, amawira ndi kuthovokera kumaso.

Ngozi ikagwa

Mankhwala akagwera pakhungu, zovala zonyowa zivulidwe nthawi yomweyo, khungu litsukidwe ndi madzi ambiri. Akalowa m'maso, diso litsegulidwe ndi zala n'kuthiridwa madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15 kapena 20. Musathiridwe mafuta, mkaka, phulusa kapena mankhwala a zitsamba.

Munthu akameza, asakakamizidwe kusanza. Asidi ndi soda zimawotcha kummero polowa, ndipo zimawotchanso potuluka. Mankhwala a EC akabwerera angathe kulowa m'mapapo. Chizolowezi chomwetsa mkaka kapena mafuta ophikira n'choopsa, chifukwa mafuta amathandiza poizoni wina kulowa msanga m'magazi. Wodwalayo atengedwe mwachangu kupita kuchipatala chapafupi kapena ku Hospital Rural de Ulónguè, ndipo operekeza anyamule chipepala cha pamgolo kapena dzina la mankhwalawo lolembedwa bwino. Chithandizo cha poizoni wina n'chosiyana ndi cha poizoni wina, ndipo dokotala akadziwa dzina sataya nthawi. Kutuluka thukuta ndi dovu lambiri, kusanza, kuona zinthu mwachimbuuzi, kugona tulo tosadzuka kapena kubanika pambuyo pa ntchito ya mankhwala ndi zizindikiro zosayenera kudikira kuti kuche.

Mgolo ukatha

Mgolo wopanda kanthu ndi chuma pamudzi. Umasunga madzi, umaphika mowa, umasunga chimanga. Koma mgolo wa mankhwala a dibi kapena a mbewu sutha poizoni, makamaka wa pulasitiki, umene umamwa mankhwalawo m'thupi lake. Utsukidwe katatu, madzi ake apite kudibi kapena mumpope, kenaka ubooledwe pansi kuti wina asautenge. Komiti ifunse alangizi kumene ungabwezedwe. Mgolo umene munali mafuta kapena mankhwala oyaka usadulidwe ndi moto wa owotcherera zitsulo, chifukwa nthunzi yotsalira imauphulitsa.

Mutu umodzi susenza denga

Pampu ya inox kapena ya PVDF yokhala ndi timphira ta PTFE si ya thumba la mlimi mmodzi. Koma dibi ndi la mudzi wonse, chitsime ndi cha mudzi wonse, ndipo kalabu ya mbatata ili ndi mamembala ambiri. Pamsonkhano wokambirana za chopereka cha mankhwala a chaka chino, nkhani ya pampu, timphira tapadera, chigubu choyezera ndi magolovesi ilowe m'kaundula yemweyo. Pasankhidwe munthu mmodzi wosunga chidacho ndi kiyi wake, ndi wachiwiri womuthandiza, onse ataphunzitsidwa ndi alangizi.

Amene angadandaule za mtengo awerengere kaye za mankhwala amene amatayikira pansi chaka chilichonse popendeketsa mgolo, za mapampu otchipa amene atayidwa kuseri kwa dibi, ndi za ng'ombe yokoka ngolo imene ingafe ndi chigodola chifukwa cha muyezo wolakwika. Awerengerenso za mnyamata amene amatumidwa kuyamwa paipi chifukwa ndiye wamng'ono pagulupo. Mvula isanayambe ndi nkhupakupa zisanachuluke, makomiti a ku Dómuè, ku Ulónguè ndi ku Tsangano ali ndi nthawi yokopera dzina la pamgolo, kunyamula chitsekerero, ndi kutuma munthu wodziwa kufunsa.